Kompyuta ya Amake Thandizo

Ketrina, amene anthu ankamutchula kuti amake Thandizo, anabwerera kwawo ku Rufunsa mu 1998 ali ndi ana awiri ndi kompyuta imodzi. Mwamuna wake atamwalira ku Lusaka, achibale a malemu anasesa nyumba yonse, mipando, mapoto, mpaka makatani. Anthu opanda manyazi! Kompyutayo anaisiya poyesa TV yakufa. Mlamu wake wamkulu, ba Morgan, anasiyanso mawu.

"Alamu, ife Angoni tinalowola. Mukalephera kuwadyetsa anawa, tidzawatenga."

Ketrina sanali wolira pagulu. Anachita lendi kachipinda kuseli kwa bala, m'mbali mwa msewu wa ku Chipata, nakoka waya ku jenereta ya mwini bala. Magemu amene malemu ankasewera akaweruka anasanduka munda wake. Makondakitala, ana a sukulu, ngakhale aphunzitsi ena ankaima pamzere, n'kulipira kuti athamangitse galimoto pa sikirini. Thandizo ndi mng'ono wake Mwaka ankagona atakhuta.

Koma makasitomala sachedwa kutopa. Kondakitala wina anabweretsa gemu yatsopano ya ku tauni, ndipo pa kompyuta ya Ketrina galimoto zake zinkadzikoka ngati ngolo yodzaza chimanga. Mzere unayamba kufupika, mantha namugwira. Kusitolo ina ku Lusaka anamuuza kuti agule khadi ya zithunzi yamphamvu, kachipangizo ka m'kati kothamangitsa zithunzi pa sikirini, komanso pawa saplai, kabokosi kogawa magetsi m'kati, poti kakale sikakanaikwanitsa khadiyo. Mayi ake anagulitsa mbuzi zonse, iye nagula zinthu ziwirizo, zonse zogwirapo kale ntchito.

Woziika anali ba Benard, okonza mawailesi pamsika, munthu wa manja abwino ndithu. Anamasula, analumikiza, namanga bwinobwino. Atangoyatsa, kabokosi katsopanoko kanangoti thi! Zii.

Ba Benard anakatsegula, naseka. "Musade nkhawa, amake Thandizo, ndi fyuzi chabe."

Anatola paketi ya fodya pansi, nang'amba kapepala konyezimira ka m'kati, nakulunga fyuzi yopsayo. Mawailesi a Rufunsa yonse ankalira ndi kapepala komweko.

"Nanga yapsa chifukwa chiyani, ba Benard?" anafunsa Ketrina.

"Yangokalamba. Kapena mukufuna mukwerenso basi kukagula ina?"

Mtima wa Ketrina sunakhazikike. Koma linali Loweruka, pakhomo anthu anali atadzaza, akusuzumira. Anagwedeza mutu kuvomera.

Kalanga ine! Fyuziyo sinali yokalamba ayi, inapsa potchinga vuto limene linali m'kabokosimo. Tsopano moto unadutsa popanda wouletsa. Kunamveka phu, utsi wakuda unatuluka kumbuyo, fungo la pulasitiki linadzaza chipinda. Khadi yatsopano, zam'kati zakale, zonse zinapsa. Ba Benard anavula chipewa.

Ketrina anayesa kugulitsa nthochi pa mawindo a mabasi, koma azimayi a nthochi pamenepo anali ochuluka kale. Dzinja litafika, ana anaonda, sukulu anasiya. Makondakitala omwe aja ndi amene anafikitsa mbiri ku Chipata, kumene ba Morgan ankakhala.

Ba Morgan anafika mmawa wina, ndipo sanakalipe n'komwe. Anangoyang'ana miyendo ya ana. Ketrina anawasambitsa, nawamangira zovala m'chitenje, nawaperekeza kumsewu. Basi itaima, Thandizo anakwera osacheuka. Mwaka anaima pa sitepe atatambasula dzanja.

"Amama, bwerani, malo alipo."

Kondakitala anamunyamula, natseka chitseko.