Lezala Logwedera la Achimwene

Ndinadzuka tambala asanalire, ngati kumeneko n'kudzuka, poti maso okha ndiwo anali atatsinzina. Amuna tinagona panja pa nyumba ya siwa, m'mudzi mwathu kufupi ndi Mitundu, titazungulira chitsa cha malaina chimene chinkatulutsa utsi wambiri kuposa moto. Unali mwezi wa Juni ndipo chisanu chotsika ku Dzalanyama chinkalowa mpaka m'mafupa. M'nyumba amayi anali akuyimbabe, koma mawu atasasa. M'menemo ndi momwe munagona achimwene anga, mkulu wanga yekhayo wa bere limodzi. Nditatembenuka kuti ndikhale tsonga, m'thumba la jekete munalira kanthu, kwetche, ndipo ndinacheuka ngati mbava.

Kanthuko kanali ka achimwene. Kanali kamakina kometera ndevu, kamkuwa, kakalekale, kamene bambo athu anabwera nako kuchokera ku Halale. Kali ndi kachivundikiro kotsegula ndi chala, ndipo m'kati mumagona lezala lakuthwa mbali imodzi, lokhuthala kumsana. Malezala otero m'magolosale a pa Mitundu simunkapezeka. Achimwene anali nawo atatu okha, ndipo ankawanolera m'kati mwa tambula yagalasi. Anali kapitawo pa esiteti ya fodya, munthu wodzisamala mpaka kunyanya. Chibadwire changa sindinawaonepo ndi ndevu za masiku awiri. Ankati ndevu anazisiyira atonde.

Atadwala kufikira manja kuyamba kunjenjemera, ine ndinkapalasa njinga kuchokera ku Nathenje, kumene ndimakhala, kudzawameta Loweruka lililonse. Loweruka lina m'mwezi wa Febuluwale lezala linagwedera, n'kuwatema pachibwano. Magazi anayenderera pachala changa, pomwe panali bala la sipanala. Ndinakasamba m'manja katatu kuseri kwa bafa, sopo mpaka kutsala kachidutswa. Pobwerako ndinati kamakina kawonongeka, ndikakakonzere ku Nathenje. Ine ntchito yanga n'kukonza njinga, choncho palibe anadabwa. Ndinapitiriza kubwera ndi shuga ndi masikono, koma kamakinako ayi. Akandifunsa ndinkati kawaya kake sikakupezeka. Iwo ankangoti, "Chabwino, mphwanga." Miyezi inayi inatha choncho, ndevu zikumera. Kamakinako sindinakatsegule n'kamodzi komwe.

Kutayamba kuyera, amayi anasonkha moto kuseri kwa nkhokwe, n'kuteleka nyemba m'madiramu odula pakati. Adzukulu, anthu okumba manda ndi kusambitsa maliro, anatenga makasu ndi mapiki n'kulowera kumsitu wa kumanda. Pansi pa mango kalipentala anali kumaliza bokosi, ndipo hamala yake inkamveka mudzi wonse. Dzuwa linatuluka lofooka, mitambo yotuwa ikungoyendayenda popanda mvula.

Anthu anayamba kufika. Ena wapansi, ena pa njinga, ena pa ngolo. Matenanti a ku esiteti anabwera pa thirakitala ataima, ambiri a iwo akuyankhula chilankhulo chakummwera. Chisankho chinali chitangochitika kumene, moti amayi ena anavala zitenje za chipani ichi, ena za chipani icho, n'kukhala mphasa imodzi. Amuna pamoto ankatsutsana za boma latsopano mokweza mawu, akutchula mayina amene zaka ziwiri zapitazo munthu ukatchula unkayamba wacheuka kaye. Zinandikwiyitsa. Pakamwa pa anthu panali patatseguka pa chilichonse, koma chimene chinapha achimwene panalibe wochitchula. Munthu akafika ankangoti, "Avutika nthawi yaitali," wina n'kuyankha kuti, "Ee, matenda a masiku anowa." Nanenso ndinkayankha chimodzimodzi, ndiye ndinalibe poimira.

Cha m'ma 9 koloko mdzukulu wamkulu, nkhalamba ya diso limodzi, anatuluka m'nyumba n'kundikodola. Anati thupi asambitsa, suti aveka, koma alamu, akazi a malemu, akana kuti anthu aone nkhope. Achimwene anasiya mawu akuti asadzawaike ndi ndevu, ndipo chowametera chikhale cha bambo awo. "Ndiye akuti kamakinako kali ndi inu, amakaniko," anatero. "Mwakonza, kapena timuike tondeyu choncho?" Adzukulu amaloledwa kuseka pamaliro, ndi mwambo wawo, koma ine nthabwalayo inandilasa. Akulu a mpingo anali atafika kale ndipo anati mapemphero ayamba 10 koloko, poti anali ndi maliro enanso masana. Masiku amenewo maliro ankachita kudikirana.

Ndinapempha mphindi zochepa. Ndinazungulira kuseri kwa khola la mbuzi, n'kutola msomali umodzi umene kalipentala anataya atapindika. Ndinakhala pa mwala n'kutsegula kachivundikiro kaja. Lezala linali momwemo, lili ndi kadontho kakuda kouma m'mphepete. Ndinalichotsa mosamala n'kuliika pa bondo. Kamakinako n'kosavuta kukamvetsa. Kutsogolo kuli timano tiwiri togwira lezala m'makona, kumbuyo kuli kachitsulo kopyapyala kamene kamakankha msana wa lezala kuti likanirire pa timanoto. Kachitsuloko kanali katangogona chifukwa cha ukalamba, basi. Ndinalowetsa nsonga ya msomali pansi pake n'kukatukula pang'ono. Dzino limodzi linali litatseguka, ndinalikanikiza pa mwala. Ndinabwezera lezala, n'kutseka, thapu! Ndinagwedeza pafupi ndi khutu. Zii.

Abale anga, sipanathe ngakhale nthawi yopopa tayala limodzi. Ndinakhala pamwalapo ndikuyang'ana msomali wopindikawo, ndipo ndinalira kulira kumene sindinalire uthenga utandipeza ku Nathenje. Ndikanakonda kakanandivuta. Ndikanakonda kakanathyoka m'manja mwanga kuti bodza langa likhaleko ndi mwendo umodzi woimira.

Nditalowa m'nyumba ndinauza mdzukulu uja kuti ndimeta ndekha. Anati si ntchito ya mbale imeneyo. Ndinati ndikudziwa. Anandiyang'ana ndi diso lake limodzilo, kenaka anauza amayi kuti atuluke kaye, kutsala alamu okha pakona. Anandipatsa mapepala awiri apulasitiki a shuga oti ndivale m'manja, monga momwe iwo ankachitira. Ndinavala, koma kamakina kankaterereka, ndiye ndinavula.

Achimwene anali atachepa ngati mwana wasukulu, suti ikuchita kuwamiza. Ndevu zinali zitadzaza nkhope, zina zoyera, zopiringizana mpaka pakhosi. Ndinayamba ndi sizasi ya alamu, kenaka madzi ofunda ndi sopo. Khungu linali lozizira ndi louma, ndipo masaya anali atalowa m'kati, moti ndinkachita kukoka ndi chala kuti lezala lidutse. Linadutsa bwinobwino, osagwedera n'pang'ono pomwe. Pansi pa chibwano ndinapeza kachipsera ka Febuluwale kaja. Musandiyamikire kuti ndinalimba mtima pometa ndi manja osavala. Munthu wakufa satuluka magazi, ndipo ine ndinkadziwa zimenezo.

Nditamaliza, mdzukulu anati, "Eya, uyu ndiye kapitawo tikumudziwa ife." Alamu anangobwera n'kupukuta thovu limene linatsalira kukhutu ndi nsonga ya chitenje.

Anthu analowa pamzere kuona nkhope. Ndinamva mayi wina akuti agona ngati akupita kutchalitchi. Bambo wina wa ku esiteti anandigwira dzanja ndi manja awiri, akuti m'bale wotere ngosowa. Ndinangoyang'ana pansi. Ulaliki sindinaumve. Ndimangokumbukira kuti mphepo inkatembenuza masamba a Baibulo ndipo mlaliki anachita kuwapanikiza ndi chigongono.

Tinanyamuka dzuwa lili pamutu. Amayi ovala zoyera anatsogola ndi nkhata za maluwa, bokosi pambuyo pawo, amuna akulandirana mapewa osaima. Njira ya kumanda imadutsa m'minda yokolola kale, ndipo fumbi lofiira linatikwera mpaka m'mawondo. Kumsitu ndinawerenga ndi maso mitumbira yatsopano, yosamera udzu, ndipo ndinaleka ndisanamalize. Bokosi litatsika anandipatsa fosholo kuti ndiponye dothi loyamba. Linagunda pa thabwa, ana a achimwene n'kuyamba kukuwa. Ine misozi inali itathera kukhola la mbuzi.

Pobwerera anthu anasamba m'manja pa mphambano, anadya, n'kuyamba kubalalika. Thirakitala inapita. Madiramu anawagadabuza. Pofika madzulo panatsala achibale ochepa, mphasa zopindapinda ndi phulusa. M'nyumba munali bata loti ukhoza kumva nkhuku zikukwera pa chitsa. Ndinapeza alamu atakhala okha pakhonde, atatsamira khoma. Ndinaona kuti nawonso mikono yayamba kuwonda. Ndinagwada chapatali, n'kutulutsa kamakina kaja, n'kukaika pa mphasa patsogolo pawo. Ndinayamba kunena kuti kawaya kanapezeka mochedwa.

"Alamu, musavutike," anandidula. "Tsiku lomwe munapita nako lija, akulu anu anandiuza kuti kamene kaja n'kungotukula kachitsulo ndi nsonga ya mpeni. Akhala akuchita okha zaka zonsezi."

Ndinafunsa chifukwa chake sanaitane wometa wa pamsika.

"Ndinamuitana kawiri, anam'bweza. Anati mphwanga akadzandipeza nditametedwa ndi wina adziwa kuti ndadziwa, ndiye achita manyazi, asiya kubwera. Bola ndevu, iye azibwera."

Anatola kamakinako n'kundibwezera m'manja, akuti achimwene anasiya mawu kuti kakhale kanga. Kenaka anadzuka movutikira, akugwira khoma, n'kulowa m'nyumba kukayatsa nyali. Ine ndinatsala pakhonde mpaka mdima, kali m'manja.