Galu Wopanda Miyendo wa ku Washington

Tinanyamuka kwathu ku Manassas Lachinayi m'mawa, ine Chifundo, abambo anga ndi mwana wanga Tadala. Abambowo anali atakhala nafe miyezi iwiri kuchokera ku Balaka, ndipo kunatsala sabata kuti abwerere, koma ndi mdzukulu wawoyu anali asanachezepo. Iwo akamufunsa m'Chichewa, iye ankayankha m'Chingerezi, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndinaganiza zowatengera kumalo osungira nyama ku Washington, poti Tadala ankalirira kuona mapengwini, mbalame zija zoyenda ngati abusa ovala suti.

Pasiteshoni abambo anafunsa mtengo wa tikiti. Nditawauza kuti ndi pafupifupi madola khumi, anayamba kuwerengera m'makwacha, milomo ikugwedera, kenako anati, "Sitimayi akutigulitsa kapena tikungokwera?"

Ku Washington tinasintha n'kukwera sitima yapansi pa nthaka. Mmenemo abambo anatulutsa mandazi, ine n'kuwanong'oneza kuti kudya n'koletsedwa. Anabweza m'thumba mokwiya, koma ndinkaona tsaya likutafuna pang'onopang'ono. Potuluka panali masitepe oyenda okha, aatali ngati opita kumwamba. Abambo anagwira chitsulo ndi manja onse awiri, akuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi.

Dzuwa litakwera tinafika pachipata. Kulowa kunali kwaulere, zomwe abambo anazikayikira kwambiri. Tili mkati mofufuza mapengwini, mayi wina wa ku Zambia amene ankakankha mwana m'kangolo anatimva n'kuima.

"Muli bwanji ba tate? Mapengwini kulibe kuno, yali ku Baltimore."

Tadala anandiyang'ana ngati ndamubera. Misozi inalengeza. Ndinamukoka msanga n'kutsetsereka naye kudziwe lalikulu, kumene chikwangwani chinati kuli mikango ya m'nyanja. Nditawamasulira, abambo anabisala kumbuyo kwanga.

Kenako chinyama chakuda choterera chinavuuka, n'kukwera pamwala chokwawa ndi mimba, ndevu zili nyang'anyang'a, n'kuyamba kuuwa.

"Mkango wake umenewu?" anatero abambo. "Uyu ndi galu wopanda miyendo!"

Mtsikana wosamalira nyamazo anabwera ndi ndowa yodzaza nsomba n'kuyamba kuziponya. Chinyamacho chinkawakha n'kumeza osatafuna, kenako n'kudziombera m'manja. Abambo anagwira kumutu.

"Nsomba zabwinobwino! Osazikazinga n'komwe! Ndiye chikugwira ntchito yanji chimenechi?"

Chitauwanso, iwo anachiuwa mobwezera, mokweza, azungu onse n'kutembenuka. Chinyamacho chinawayankha. Anakalipirana choncho kanthawi ndithu, ine ndikufuna pobisala, Tadala atakhala pansi ndi kuseka.

Madzulo, m'sitima yobwerera, abambo anaimbira amayi anga ku Balaka, osasamala kuti kumeneko anthu agona. Anafotokoza za galu wa m'madzi, wandevu, wodya nsomba zaulere n'kumaomba m'manja. Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, kenako mawu awo anamveka sitima yonse: "Bambo a Chifundo, mwayambiranso kumwa?"

Abambo anandipatsa foni kuti ndiwachitire umboni, koma Tadala anaitsomphola.

"Agogo, zoona," anatero m'Chichewa chopindikapindika. "Galu alipo. Agogo aamuna amuuwa. Agogo aamuna apambana."

Zaka zonsezi ndakhala ndikumukakamiza mwanayu Chichewa ndi ukali, osadziwa kuti pamangofunika nkhani yoti sangathe kuisunga. Mpaka ku Manassas awiriwo ankakangana ngati chinyamacho chingadyedwe.