Chikwama Ndinachisenza Pamutu

Ayi achemwali, sindinabwerere panjira, amene wakuuzaniyo wanama. Gulu lathu loyenda pansi linanyamuka kuno kunja ku Maryhill Loweruka, kukatsata kanjira ka m'mbali mwa nyanja yamchere masiku awiri. Pofika masana chikwama chinayamba kundipweteka msana, pajatu ntchito yanga ndi yonyamula okalamba.

Mtsogoleri wathu akuti, "Kwerani basi muzipita kunyumba."

Ine basi? Ndinabwereka mpango, n'kupinda nkhata, n'kusenza chikwamacho pamutu. Anzanga anaseka, ena mpaka kujambula. Mphepo inachigwetsa kawiri, kawiri konseko ndinadzitwikanso. Munthu ndinakula ndikusenza ndowa, ndiye kandikanike kachikwama?

Ndinamaliza Lamulungu, womalizira inde, koma ndi miyendo yangayi. Mwini mpango, amene sanaseke nawo, anali mayi wina wowotcherera zitsulo kudera la Govan, wodziwa ntchito yopweteka msana ngati ine.