Loweruka Limene Bambo Sanavule Chipewa

Kansalu kaja kanali kofiirira, kong'ambidwa m'mphepete mwa chitenje chakale cha amayi, ndipo kankakhala pamwamba pa chitseko kudikira nthawi ya chakudya. Tikangosamba m'manja, amayi ankakatsitsa n'kundimanga nako dzanja lamanzere kumsana, kulumikiza ku lamba wa kabudula. Sikuti anali ankhanza ayi. Mwana wodya ndi manzere, wolandira chinthu ndi manzere, amachititsa manyazi amene anamubereka. Kusukulu nako aphunzitsi anali atandimenya zala ndi rula mpaka choko ndinkachiopa ngati njoka. Mpaka lero ndimalemba ndi dzanja limene silinkafuna kulemba, ndiye mukaona mawu ena atapendekeka mudziwe kumene zinachokera.

Chandikumbutsa kansaluka ndi buku. Ndili kuno ku Tyrrelstown, kutsidya kwa nyanja kudziko la azungu, kwa mwana wanga wamkazi amene amasamalira okalamba ku Blanchardstown. Nyumba za kuno ndi zatsopano, zofanana ngati mazira, makoma opyapyala moti ndikangopereka moni wa m'mawa mwana wanga amati, "Ababa, tsitsani mawu, aneba agona." Ine mawu anga anakulira pamgodi, kutsika sakudziwa. Kulikonse kumene ungayang'ane ndi makireni ndi matope, akumanga osapuma, ati dziko lalemera. Ndiye mdzukulu wanga wamwamuna, amene anafika kuno ali kumsana, anabwera ndi buku la ana lochokera ku laibulale. Analiwerenga ndi Chizungu chake cham'mphuno chakunochi, ine ndikutsata zithunzi, mayi ake akumasulira ali kotsuka mbale. Nkhani yake inali ya ku Amereka kalekale, ya munthu wakuda amene analoledwa kusewera besibo pakati pa azungu. Anamutukwana, iye chete. Anamenya mpira, ndipo patsamba lomaliza bwalo lonse likuomba m'manja.

Ndinamuuza mdzukuluyo kuti masewero amenewo ine ndinasewerapo, ndi azungu, ndisanamere ndevu. Anaseka. Chichewa amamva bwinobwino, kungoti amayankha m'Chizungu, ndipo anati agogo ayambanso nkhani zawo. Ndiye ndati ndilembe, adzawerenge akadzakula, ngati chinenerochi chidzakhale chikadali m'mutu mwake.

Inali nthawi ya Chitaganya, ndili ndi zaka ngati khumi ndi ziwiri. Bambo anachoka kwathu ku Nyasalande kukagwira ntchito ku Kopala, kumigodi ya mkuwa, ndipo anali kapitawo wa gulu la pansi pa mgodi, woyang'aniridwa ndi Bunu wina, mkulu wa shifiti. Tinkakhala m'komboni ya kampani. Izi muzimve bwino, inu obadwa dzulo: nyumba inali ya kampani, phoso la kampani, sukulu ya kampani, ngakhale madzi a pampopi. Munthu akachotsedwa ntchito lero, sabata isanathe m'nyumba mwake mukuphika mkazi wina. Mwana wanga amakwiya ndikanena kuti nayenso ndi chimodzimodzi, pakuti pepala lake lokhalira kuno lili m'manja mwa abwana ake. Koma ine ndimaona mmene amaimirira akamayankha foni yawo.

Kuseri kwa komboni, ukadutsa ngalande ndi njanji, kunali kalabu ya azungu yotchingidwa ndi waya. Kapinga wake ankakhala wobiriwira ngakhale mu Okutobala, pamene ife fumbi likutilowa m'mano. Pamgodipo panali mainjiniya a ku Amereka, ndiwo anabweretsa besibo. Masewero ake ndi otere: wina amaponya mpira wolimba ngati mwala, wosokedwa ndi ulusi wofiira, wina waima ndi chibonga kuti aumenye. Akaumenya amathamanga kuzungulira bwalo. Akauphonya katatu, wafa, atuluke. Ife ana a m'komboni tinkagona chafufumimba m'mphepete mwa ngalande kuonerera, fungo la kapinga wothiriridwa likutipeza komweko.

Tsiku lina mpira unalumpha waya n'kukagwera pafupi ndi njanji. Ndinautola. Unali wofunda, wolemera bwino m'dzanja. Anzanga anati thawa nawo. Ine sindinaganize kanthu. Dzanja lija lomangidwa linangodziponyera lokha, mpira n'kudutsa pamwamba pa waya, kudutsa theka la bwalo, mpaka kukalira kuti phwa m'golovesi la Mmereka wamtali amene ankaphunzitsa ana a azungu. Sanasunthe phazi. Ndikunena pamaso pa Mulungu, munthuyo sanasunthe phazi.

Anandikodola. Chinyanja sankachidziwa, Chibemba ayi, tinamvana ndi manja ndi Chilapalapa chake chothyokathyoka, chinenero cha pamgodi. Anati ndiponyenso, ndinaponya. Anagwira dzanja langa lamanzere n'kulitembenuza uku ndi uku ngati munthu wogula mbuzi, kenako anaseka mokondwa. Anati pamasewero awa wamanzere ndi chuma, chifukwa mpira wake umabwera mokhota, kuchokera mbali imene womenya sanazolowere. Pansi pa thumba la zida panali golovesi limodzi la munthu wamanzere, louma ngati chikopa cha ng'oma, chifukwa panalibe mwana wa mzungu wolifuna. Analipaka mafuta n'kundiveka. Aka kanali koyamba kuti munthu wamkulu ayang'ane dzanja limeneli osachita tsinya.

Masana aliwonse a nyengo yotentha ija ndinkapita. Ndinkalowera pakachipata ka anthu otchetcha kapinga. Ana a azungu ankamwa madzi a malalanje m'makapu, ine ndinkamwa papaipi yothirira, madzi otentha onunkha rabara. Sindinkadandaula, ndinkaona ngati ndi mmene dziko analipangira. Lero ndikakumbukira, rabara uja amandiwawa pakhosi kuposa mmene ankawawira nthawi imeneyo.

Kenako Mmereka anati Loweruka ndiponya pampikisano weniweni, pamaso pa makolo, polimbana ndi gulu la ana a mbali ina ya tauni. M'gulu limenelo wodziwa kumenya kuposa onse anali mwana wa Bunu uja, bwana wa bambo.

Nkhani inafika m'komboni ine ndisanafike. Lachinayi madzulo anabwera amalume, amene ankagwira ntchito kosungunula mkuwa ndipo anali a chama cha anthu apantchito. Kwathu mwini wa ana ndi malume, bambo amangobereka, ndipo ine ndinali ndisanamvepo bambo akuyankha amalume pankhani ya ife ana. Amalume anakhala pampando n'kunena motsitsa kuti Mmereka ali ndi kwawo kumene adzapite ikamuvuta, nanga alamu ali ndi chiyani. Anatinso a Chitaganya akungofuna mwana mmodzi wakuda pakapinga kuti amujambule, anene kuti taonani tikukhala limodzi, pamene pansi pa mgodi munthu wakuda saloledwa kugwira ntchito ya mzungu. Sananame amalume. Zonsezo zinali zoona.

"Mwanayu ndi wa mbumba yathu, alamu. Sapita."

Bambo anali akusoka jombo yawo ndi waya. Sanadzutse mutu. "Mwana ndi wanu, alamu, sindikukana. Koma dzanja ndi lake."

Amalume anachoka osatsanzika.

Chimene sindinkadziwa, chimene amayi anadzandiuza ndili kale ndi ana anga, titaika maliro a bambo, ndi ichi. Lachisanu Bunu uja anaitana bambo pansi pa mgodi, pamaso pa gulu lawo. Anati mwana wako mawa adzuke akudwala. Akabwera, aziponya mofewa, mwana wanga amenye anthu aone. Apo ayi, ukamange mabulangete ako.

Loweruka m'mawa ndikusamba kuseri, ndinamva amayi ndi bambo akulankhula pafupi ndi khola la nkhuku.

"Muuzeni, abambo ake."

"Sindimuuza."

"Ndiye ndimuuza ine."

"Mukamuuza, mwamumanganso."

Ine ndinkayesa kumudzi kwagwa maliro, akudikira kuti ndisewere kaye. Ndinapukuta m'maso n'kuthamanga.

Masana amenewo dzuwa linali loswa mutu. Mmereka anandipatsa malaya oyera a gulu ndi nsapato za tenesi zazikulu, ndinaika mapepala kumapeto kwake. Ndinavalira kuseri kwa kanyumba kosungira makina otchetchera. Nditatulukira pabwalo, phokoso lonse la pakhonde la kalabu linazima, kunangotsala kulira kwa mabotolo. Amayi ena achizungu anaimirira, n'kutenga ana awo pamkono kupita nawo ku galimoto. Amuna anamuzungulira Mmereka, nkhope zitafiira. Iye anangotulutsa kabuku ka malamulo a masewerowo n'kunena kuti amusonyeze pamene palembedwa za khungu. Anamusiya. Mmereka anali injiniya wamkulu, sakanamuchita kanthu. Zimenezinso ndinadzazimvetsa mochedwa, kuti munthu amene sangachitidwe kanthu kulimba mtima kwake kumakhala kotchipa, ngakhale kuli kwabwino.

Kunja kwa waya kunali kuda bii ndi anthu a m'komboni. Abemba, Alozi, Anyasa anzathu, ena okwera pamitengo, ena amene dzulo lake ankati banja lathu likudzionetsa. Panalibe amene ankafuula. Kumapeto, payekha, pafupi ndi mzati wa chipata, panaima bambo atavala jekete lawo la kutchalitchi ndi chipewa cha mlaza. Bambo anga chipewa chinkachoka chokha pamutu akangoona mzungu, ngakhale mzungu wake akhale mwana. Tsiku limenelo khonde lonse la azungu linali patsogolo pawo, Bunu wawo ali pomwepo ndi botolo m'manja, ndipo chipewa chinali pamutu. Ndinaziona, koma ndinkayesa ndi dzuwa.

Ndinaponya. Ine sindidziwa kudzichepetsa pa zinthu zimene ndinachitadi, ndiye ndinena: ndinaponya ngati mphezi. Ana aja ankabwera mmodzimmodzi, kuzunguza chibonga pamphepo, n'kubwerera. Kenako anabwera mwana wa Bunu, wamkulu thupi, tsitsi ngati udzu wouma. Mpira woyamba unamukhotera pamaondo, anaphonya. Sanayang'ane ine, anayang'ana kukhonde kumene kunali bambo ake. Wachiwiri chimodzimodzi, anayang'ananso kukhonde. Wachitatu anazungulira thupi lonse mpaka kugwada pafumbi. Nthawi iliyonse imene anabweranso masana amenewo zinali zomwezo. Pomaliza ndinaona mapewa ake akugwedezeka, akupukuta mphuno ndi mkono. Ndinakondwa, ndinali mwana. Lero ndimaganiza kuti nayenso anali ndi zake zimene zinkamudikira kunyumba.

Pakhonde sanaombe m'manja, kupatula Mmereka ndi mkazi wake. Kunja kwa waya mayi wina anayamba nthungululu, n'kuidula pakati ngati wakumbukira kuti mwamuna wake Lolemba alowa mumgodi.

Nditafika apa pofotokoza, mdzukulu wanga anafunsa chinthu chimodzi chokha: "Agogo, did you win?" Ndinamuuza kuti inde, tinapambana. Anakhutira, n'kutenga ndodo yake ya masewero a kuno aja amati haling'i, ulendo kubwalo, mvula ikuwaza. M'gulu lawo wakuda ndi iye yekha. Ndikapita kukaonerera ndimafuula m'Chichewa mpaka makolo a anzake kutembenuka, mwana wanga akundikoka jekete. Buku lakelo silinama ayi, koma latsekedwa msanga. Lajambula wosewera, lajambula mzungu wabwino amene anatsegula chipata. Amene anaima kunja kwa waya atavala jekete la kutchalitchi mulibemo.

Lolemba bambo anabwera dzuwa lili paliwombo, zovala zawo zili zoyera, zopanda fumbi la pansi. Zoterezi zinali zisanachitikepo. Kuofesi anawachotsa ntchito, n'kulemba kuti ndi wamwano. Amalume anayesa kukadandaula kudzera ku chama, sizinathandize. Mmereka anafika ndi galimoto yake mpaka m'malire a komboni, anawagwira chanza bambo, analankhula zambiri, bambo akungogwedeza mutu. Ine bambo anandiuza kuti tikupita kumudzi kutchuthi. Ndinalira, osati chifukwa cha china, koma kuti Loweruka lotsatira kunali mpikisano wina, nanga aponya ndani. Bambo anati apeza wina.

Kusukulu sindinabwererenso. Kumudzi kunali khasu, kenako ndinakula, ndinagwira ntchito za manja mpaka imvi. Bambo sanalembedwenso pamgodi uliwonse, anamwalira ali mlimi wa mtedza. Pa zaka zonsezo sanandiuzepo mawu amodzi okhudza Bunu uja. Akamwa pang'ono ankangonditchula pagulu n'kunena kuti, "Tawauza za mwana wa mzungu uja mmene anagwadira." Ine n'kuwauza, mokweza, monga mmene ndikukuuzirani.

M'mawa wa ulendo wathu amayi anagawa nkhuku kwa anansi, mbaula anapatsa akazi awo a amalume. Amalume anabwera kudzanyamula nawo katundu, ndipo iwo ndi bambo anamangira limodzi mtolo wa mabulangete osalankhulana. M'nyumba mutatsala pululu, bambo anatenga hamala n'kuyamba kuzula misomali imene anakhoma okha m'makoma, yopachikapo zovala ndi nyali. Ankaiwongola umodziumodzi pamwala wa pakhomo n'kuiponya m'kachitini, modekha, ngati ntchito ya tsiku lililonse. Pamsewu panali pataima mwamuna wina wachilendo ndi mkazi wake, mphasa ili pamutu, akuyang'ana nyumba yathu. Ine ndinaima pakhomo, phewa likuwawabe mokoma ndi kuponya kuja, ndikudabwa kuti anthu opita kutchuthi amazuliranji ndi misomali yomwe, nanga tikabwera tidzapachika pati malaya.