Chitenje Chofiira cha Amayi

Dzulo pamsika wa Kamwendo, pomwe ndimagulitsa nsalu, mayi wina anadziyeza chitenje chofiira n'kundifunsa, "Kodi chikundikhala?" Ndinavomera, koma mtima unali utapita kale kwathu ku Dambe.

Amayi anga anali akuda bii, ndipo bambo anawagulira chitenje chofiira ku Chipata. Akachivala popita kutchalitchi ankayenda monyadira, ngati m'manja mwawo simunadepo ndi phula la fodya.

Bambo atamwalira, amayi anayamba kuvala zakuda zokhazokha, ndi duku lomwe. Ine, pokhala mwana wamng'ono, ndinkangoti sakudziwa kusankha. Tsiku lina akusoka fodya m'chigafa ndinawauza, "Amayi, zakudazi sizikukhalani. Valani chofiira chija."

"Chili ndi bambo ako," anatero osandiyang'ana.

Ndinawakwiyira bambo. Munthu wamwamuna achita nacho chiyani chitenje? Ndinkayang'ana kumsewu, kudikira kuti achibweze.

Ndinadzamva nditakula kuti amayi anawafunditsa bambo chitenjecho m'bokosi. Zakuda anadzavula ndithu, koma kayendedwe kaja sikanabwerere. Lero ndimasankhira anthu mitundu yowakhala tsiku lonse, koma amayi anamwalira ndisanawapezere mtundu wina.