Dzina Limene Ndinalembera Esinati

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha mvula. Ndinausa pakhonde la sitolo ina pafupi ndi boma ku Petauke, pomwe a Mwanza ankalembera anthu makalata, ndipo ndinawaona akusaka zilembo pa taipi ndi chala chimodzi ngati nkhuku yotola mapira. Ndinaseka. Iwo anati, "Ngati udziwa, khala apa." Kutaipa ndinali nditaphunzira kwa masisitere. A Mwanza anandifunsa kadi ya chipani, poti masiku amenewo popanda iyo ntchito sunkaiona, ndipo m'mawa mwake ndinayamba.

Mtima wanga sunali pamenepo. Basi ya ku Lusaka ikangolira, maso anali kumsewu, mapazi akuyabwa. A Mwanza ankandiuza kuti kuthamanga si kufika, ine nkumati ndi zokamba za okalamba.

Makalata ambiri anali a amuna opita kumigodi, osiyira munthu wina mphamvu: wogulitsa thonje lawo, kapena wovomera kuchipatala wina akadwala kwambiri. Ndinkaika mapepala atatu ndi kaboni pakati, nkulemba dzina la wochoka, la wosiyiridwa, ndi manambala a zitupa zawo. Kenako chala pa inki, mboni ziwiri, nkupita nayo kwa wolumbiritsa anthu ku boma kuti adinde.

Tsiku lina kunabwera Lameki Lungu wa ku Kaumbwe ndi mkazi wake Esinati, yemwe anali ndi pakati pooneka. Lameki ankakwera basi ya masana kupita kumigodi. Nditafunsa dzina la wovomera kuchipatala, iye anakanda m'mutu. Esinati, atakhala pansi pafupi ndi mwendo wa tebulo, ananena motsitsa, "Lembani amai anga." Ndinamva bwinobwino. Koma nambala ya chitupa cha amai akewo analibe, pomwe Lameki ya bambo ake ankaidziwa pamtima. Ndinati, "Tilembe a Lungu aakulu, basi ingakusiyeni." Ndinawonjezera mzere umene ndinkaunyadira, woti palibe chochitika popanda mawu awo.

Patapita miyezi iwiri, m'mawa, kunafika mayi wina thukuta lili kamukamu, kalata ija itamangidwa pansalu. Anali amai ake a Esinati. "Fufutani dzina ili," anatero. Mwana wawo anali atavutika masiku awiri kumudzi. Azimayi ankaopa kumunyamula popanda chilolezo cha a Lungu, poti pepala la chidindo linatero, koma ndani akanapita kukauza apongozi aamuna za kuchikuta? Atatopa anangomuika pa ngolo, a Lungu akutsatira patali. Tsopano adokotala ankafuna kumuchita opareshoni, Esinati sankayankhanso, ndipo mkuluyo anakana kulowa.

A Mwanza sanakweze mawu. "Dzina silifufutika mwini kalata kulibe. Unalemba ndiwe, pita."

Ndinathamanga. A Lungu ndinawapeza pansi pa mtengo atafulatira chipatala, chisoti chili pamawondo. Sanali munthu woipa. "Mwana wanga," anatero, "ine mpongozi wanga nikamuona panjila nimapatuka. Manje nikalowe kumene wagona? Nikamve za thupi lake na makutu anga aya?"

Ndinayenda katatu pakati pa mtengowo ndi khomo la odwala, ndikuchonderera uku ndi uku. Pomaliza namwino anatuluka ndi pepala ndi inki. Ndinagwada kumbuyo kwa a Lungu nkunena kuti, "Bambo, simuzamva chilichonse. Tifuna chala chabe." Anatambasulira dzanja kumbuyo osacheuka, ine nkugwira chala chawo chachikulu nkuchidinda. Ndinawamva akusisima.

Esinati anapulumuka. Mwana, wamwamuna, sanalire. Namwino anangoti akanabwera dzulo zikanatheka, ndipo ine ndinadziwa chimene chinawachedwetsa. Unali mzere wanga uja.

Atatuluka m'chipatala, Esinati anadutsa pakhonde pathu, atatsamira paphewa la amai ake. Ndinalakalaka kulowa pansi pa tebulo. Iye anaima pang'ono, osakalipa, nkunena, "Ninakamba kuti lembani amai." Anapitiriza ulendo. Mpaka lero mawu amenewo amandipweteka kuposa kutukwanidwa.

Ku Lusaka sindinapitenso msanga. Pa tebulo limenelo ndinakhalapo zaka zingapo, ndipo ndinabweretsa mpando wachiwiri kuti mkazi asamakhalenso pansi. Dzina la wovomera ndinkafunsa kwa amene adzagone pabedi, nkumufunsanso ngati munthuyo angalowe m'chipinda iye ali chigonere. Nambala ya chitupa ikasowa, ndinkawatumiza kumudzi akaitenge. Amuna ambiri anandikwiyira chifukwa basi inawasiya. Ndinkawaleka akwiye, ina inkabwera mawa lake.