Miyezi Imene Amayi Sankamva Fungo la Adyo

Amayi anga anasita zovala za anthu kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, m'chipinda cha kumbuyo kwa shopu ina yochapa zovala. Munali matebulo atatu, zenera limodzi losatseguka lonse, ndi nthunzi kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Anzawo ankawaitana kuti Amake Mapasa, chifukwa cha ine ndi mchimwene wanga. Chimene ankadziwika nacho kwambiri pantchitopo chinali mphuno yawo. Simbi ikatentha mopitirira patebulo la mnzawo, iwo ankadziwa asanacheuke n'komwe, ndipo malaya a anthu ambiri anapulumuka chifukwa cha mawu awo akuti, "Tsitsako moto, iwe."

Kunyumba zinalinso chimodzimodzi. Khitchini yathu inali yaing'ono moti anthu awiri akalowamo ankagundana zigongono. Munali sitovu ya gasi, shelefu ya mbale, ndi msomali pafupi ndi zenera pomwe pankalendewera kathumba ka adyo. Amayi analibe timabotolo tambirimbiri ta zokometsera. Anali ndi mchere, anyezi, tomato ndi adyo, koma adyoyo ankamuphika mosiyanasiyana moti mlendo ankaganiza kuti agula china chatsopano. M'nyemba ankaponyamo tizibanthu tathunthu, atangotiphwanya pang'ono ndi chigwiriro cha mpeni, ndipo nyemba zikamapsa tinkasungunukira mumsuzi. Wa nkhuku ankamusinja ndi mchere m'kamtondo, n'kufinyiramo ndimu, n'kupaka nyamayo ola lathunthu isanapite pamoto. Buledi wa dzulo ankamuotcha pang'ono pachiwaya n'kukwechapo kachibanthu kakawisi, ife n'kumalimbirana ngati keke.

Supuni yoyezera sankaidziwa. Ndikawafunsa kuti adyo amakhala nthawi yaitali bwanji m'mafuta, ankandiyang'ana modabwa n'kunena kuti ndili ndi mphuno, ndiziigwiritsa ntchito.

Ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri anadwala chimfine chachikulu chomwe chinawagoneka sabata ziwiri. Chifuwa chinatha, mutu unasiya kuwawa, anabwerera kuntchito. Koma m'mawa wina atasenda adyo anaika zala pamphuno n'kupeza kuti palibe chimene akumva. Ananunkhiza sopo, ananunkhiza nsapato za abambo, zonse zinali ngati madzi.

Sanauze munthu aliyense, ndipo chifukwa chake tinachidziwa pambuyo pake. Akulu awo, omwe ife tinkawatchula kuti amayi aakulu, anayambanso choncho. Poyamba ankadandaula kuti sopo wa masiku ano sanunkhira, kenako anayamba kuiwala makiyi, kenako mayina a ana awo, ndipo anamwalira asakudziwa amene akuwadyetsa. Amayi ndi amene anawasamalira mpaka tsiku lomaliza. Ndiye atasiya kumva fungo anangoti mumtima, nanenso yandipeza. Ankadziyesa okha mwakachetechete. Ali m'basi ankatchula mayina a anzawo a kupulayimale ndi masiku obadwa a zidzukulu, ndipo akaiwala limodzi ankalisakasaka m'mutu mpaka potsikira.

Chakudya ndi chimene chinayamba kuwaulula. Adyo sachedwa kupserera, ndipo akapserera amawawitsa ndiwo yonse. Tsiku lina kabichi ankawawa, tsiku lina nyemba zinali ndi adyo wochuluka moti lilime linkayabwa. Abambo, omwe ankakonza mawotchi pakhonde la sitolo ina ndipo sanazolowere kuyankhula zambiri, ankangodya n'kumwera madzi. Kuntchito amayi anapsereza kolala ya malaya oyera, koyamba pazaka zonsezo, n'kunamizira simbi kuti yawonongeka. Kenako anachotsa kathumba ka adyo pamsomali n'kunena kuti wayamba kuwapatsa chilungulira. Kwa mwezi wathunthu m'nyumbamo munkadyedwa ndiwo za mchere ndi madzi basi.

Loweruka lina m'mawa abambo anabwerera panjira ataiwala magalasi awo. Atangotsegula chitseko anamva gasi nyumba yonse. Mphepo inali itazimitsa moto pansi pa ketulo, ndipo amayi anali pomwepo akusankha mpunga, mtima uli m'malo, machesi ali pambali pawo. Abambo anatseka gasiyo, anatsegula mazenera, anawagwira dzanja n'kutuluka nawo pakhonde. Sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Amake Mapasa, kodi simukumva kanthu?"

Amayi anakhala pasitepe n'kulira, ndipo anafotokoza zonse, za fungo ndi za akulu awo. Abambo anandiimbira foni, ndipo Lolemba tinapita kuchipatala tonse atatu.

Adokotala anali mayi wachikulire wosapupuluma. Anawaunika m'mphuno, anafunsa za chimfine chija, kenako anawapatsa mawu asanu oti asunge m'mutu, anawauza kuti ajambule wotchi papepala ndi kuwerenga manambala chobwerera m'mbuyo. Amayi anakhoza zonse, n'kuwakumbutsanso adokotalawo kuti asiya cholembera chawo pabedi. Adokotalawo anaseka n'kunena kuti mutu uli bwinobwino. Anati zimachitika ndithu chimfine chikakula, ndipo kwa ambiri fungo limabwerera pakapita miyezi, ena lonse, ena pang'ono chabe. Anawalangiza kuti m'mawa uliwonse azinunkhiza zinthu zingapo za fungo lamphamvu, ngakhale asamve kanthu, ndipo adzabwerenso pakatha miyezi itatu.

Tikutuluka, amayi anaima pageti n'kupuma mpweya wautali, dzanja lili pachifuwa. Kenako ananena kuti akumva njala, mawu amene abambo anali asanawamve kwa milungu yambiri. Tinadzera kumsika, ndipo anasankha okha mitu ya adyo, akuifinya umodziumodzi kuti apeze yolimba ndi yosaphuka.

Vuto lophika linali likadalipo, ndipo abambo ndi amene anabwera ndi nzeru. Munthu amene anali asanakazingepo ngakhale dzira anakoka mpando n'kukhala pakhomo la khitchini, wotchi ili m'manja. Anati amayi aziphika, iwo azinunkhiza. Amayi akathira adyo m'mafuta, abambo ankayang'ana muvi wa masekondi, fungo likangowafika n'kunena kuti, "Pamenepo." Kenako ankalemba pakapepala. Patatha sabata ziwiri kuseri kwa chitseko kunali ndandanda ya zilembo zing'onozing'ono zoongoka. Adyo wodula mopyapyala, pamoto wochepa, masekondi makumi anayi. Wosinja, theka lake. Pansi penipeni anadula mzere kawiri pa mawu akuti anyezi ayambe, adyo atsatire.

Amayi ankaiseka ndandandayo, ankati poto si wotchi yoti uziitchera nthawi, koma ankaiwerenga akaona kuti palibe amene akuwayang'ana. Anaphunziranso kutchera khutu. Adyo akangolowa m'mafuta amalira mofulumira, ndipo kulirako kukayamba kutsika ndiye kuti nthawi yothira tomato yakwana. Anaphunzira kuyang'ana m'mphepete mwa tizibanthu, mukangoyamba kufiirira n'kuchotsa chiwaya pamoto. Masiku amene abambo ankachedwa kuntchito, ankasankha njira yosapserera. Mutu wonse wa adyo, ndi makoko ake omwe, ankauika m'poto wa mbatatesi n'kuvundikira, ukafewa n'kuufinyira m'mbale ngati majarini. Wophika chotere saluma pakamwa, amatsekemera, ndipo abambo anafika pomapempha okha.

Pokhala pakhomo paja abambo anayamba kufunsa mafunso. Anafuna kudziwa chifukwa chake amayi ankachotsa kamtima kobiriwira ka m'kati, ndipo anauzidwa kuti kamawawa. Anadandaula kuti makoko amawakakamira m'zala, amayi n'kuwaonetsa kuti ukayamba waphwanya amangosupuka okha. Anthu awiriwa anali atakhala m'banja zaka makumi atatu ndi zinayi, koma mchimwene wanga atapita kukacheza anandiimbira n'kunena kuti sanawamvepo akucheza nthawi yaitali chotere, ndipo nkhani yake inali ya adyo basi.

Fungo linabwerera mwezi wachisanu, mosagogoda. Amayi anali m'basi yodzaza akuchokera kuntchito, atapanikizidwa pakati pa zenera ndi bambo wina wonenepa wonyamula chikwama. Bamboyo anayasamula, ndipo mpweya wake unawafika amayi pamphuno. Poyamba anakwinya nkhope monga amachitira aliyense. Kenako anazindikira chimene chachitika.

"Pepani bambo, kodi mwadya adyo?" anafunsa.

Munthuyo anatseka pakamwa ndi dzanja, manyazi atamugwira, n'kuyamba kupepesa kuti ndi akazi awo amawaumiriza kudya wamuwisi. Amayi anamudula mawu n'kumuthokoza kawiri konse, akuseka, misozi ikulengeza. Bamboyo anatsika posachedwa, ndipo mpaka lero timakangana ngati pamenepo panalidi potsikira pake.

Atafika kunyumba sanavule ndi nsapato zomwe. Ananunkhiza ndimu, sopo, makatani, ngakhalenso jekete ya abambo, yomwe anawavula pamsana pawo nthawi yomweyo n'kukaiviika m'beseni, akufunsa kuti anthu ankawalekerera bwanji kuyenda nayo miyezi yonseyi.

Fungo silinabwerere lonse. Khofi amamumva ngati tayala lopsa, ndipo mafuta onunkhira amene ankawakonda anapatsa ine. Pankhani ya gasi saikhulupiriranso mphuno yawo, amagwira kotsekera kawiri asanatuluke m'khitchini. Atabwerera kwa adokotala anauzidwa kuti zimenezo n'zokwanira, ndipo iwonso anavomera. Anasita zovala zaka zina zitatu, kenako anapuma pantchito miyendo itayamba kutupa chifukwa choima.

Mwezi watha ndinawaimbira foni ndili ndi nsomba m'sinki, ndikufuna kudziwa mmene ndingaikazingire ndi adyo osamupsereza. Amayi anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Dikira ndikupatse abambo ako, nsomba ndi zawo masiku ano." Abambo anandiuza kuti nditeme nsombayo m'mbali katatu, ndilowetse adyo wosinja m'matemo mwakemo kuti asakhudzane ndi mafuta, ndipo ndisaitembenuze msanga. Anafotokoza kwa mphindi makumi awiri, amayi ali kumbuyo akuwakonza kuti aiwala ndimu. Ndinaphika monga anandiuzira, ana anga anadya mpaka mutu.